Mlendo Amayamba Wagona Pakhonde

Lolemba, 3 Malichi

Sabata yachitatu bambo akunyumba ali m'chipatala. Sitiroko. Dzanja lamanja silikugwira, mawu sakutuluka. Ndikangolowa amaloza foni yanga ndi lamanzere. Osati kufunsa za nyumba kapena za ine, akufuna chithunzi cha thanki yawo ya nsomba za madzi amchere. Sindikudandaula, Ambuye, ndangolemba.

Korali wawo wofiira, cholengedwa cha pansi pa nyanja chooneka ngati mwala, amene amamutcha Mbale, wayamba kuyera m'mphepete. Kachigamba ngati batani la malaya. Anabwera naye ali ngati chikhadabo, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Lero waposa zikhatho zanga ziwiri. Alamu anga amati ndi mwala chabe. Bambo ankawayankha kuti, "Mwala ndi mutu wanuwo achemwali, uyu ndi wamoyo, amadya."

Ndawaonetsa chithunzi cha chaka chatha. Bodza loyamba.

Lachitatu, 5 Malichi

M'mawa ndisanayatse nyale ya thanki, nyongolotsi zili mbwee pamalo oyera paja. Zaubweya, miyendo ngati bongololo, zonyansa. Ndazitola ndi chopanira chachitali cha bambo. Khumi ndi zinayi. Imodzi yandibaya, chala chatupa. Ndazithira madzi owira ndikung'ung'udza nyimbo ya kukwaya, ngati ndikugwira ntchito ya Mulungu.

Kunsi kwa Mbale kuli tinanso, toyera, tonga njere za mpunga, tamanthenga pamsana. Tokongola ngati makanda a paubatizo. Ito sindinatikhudze.

Lachinayi, 6 Malichi

Chigamba chakula. Kuchipatala chithunzi chomwe chija. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

Loweruka, 8 Malichi

Ndilembe poti pakamwa pakukanika.

Bambo atangogonekedwa, mnzathu wa kukwaya amene akusamuka anathetsa thanki yake, n'kundipatsa kamwala kokhala ndi kakorali kobiriwira. Lamulo la bambo ndimalidziwa. Chatsopano chilichonse chimakhala mwezi m'kathanki kakang'ono ka pakhonde, aone zimene chabwera nazo. "Mlendo amayamba wagona pakhonde, amayi." Ankatero kambirimbiri.

Kathankiko ndinali nditakazimitsa. Kutopa. Kamwalako ndinangokaponya m'thanki yaikulu, pambali pa Mbale, ati adzasekere pobwera.

Mawa kutchalitchi ndikhale kumbuyo.

Lolemba, 10 Malichi

Kusitolo ya nsomba. Ndinanyamula botolo la jamu: nyongolotsi imodzi yotsala ndi toyera tiwiri. Mayi wa pasitolo anatenga galasi lokulitsira zinthu. Nyongolotsi anangoiona kamodzi. Akuti izo zimadya zowola, zimasesa thanki, zinabwera chifukwa panali pofa kale. Toyerato ndi nkhono zopanda chigoba. Sizidya china, koma mnofu wa korali wa mtundu wa Mbale. Zimabwera zitabisala pa mwala wachilendo.

"Mayi, mwapha obwera kudzalira maliro, wakupha mwamusiya."

Anaseka, ataona nkhope yanga analeka. Anafunsa za bambo. Amawadziwa, amawatcha Apulofesa.

Akuti kutola sikuthandiza, mazira ali kunsi, timizere toyera. Ndidule mbali imene ikadali yofiira, ndiiviike m'mankhwala, ndiitsuke ndi mswachi, ikakhale payokha. Zotsalazo kutaya, ndi kamwala kachilendo komwe.

Mankhwala ndagula. Ali pawindo.

Ndinaweruza poona nkhope, Ambuye. Pa zolengedwa zanu ndinapha zonyansa, ndinaweta zokongola. Ndi anthu angati ndawachita zomwezi?

Lachiwiri, 11 Malichi

Pulayazi m'manja kuyambira nditamwa tiyi mpaka nthawi yopita kuchipatala. Sindinadule. Chinthu cha mwini, mwini ali moyo. Kudula popanda kuwauza kuli ngati ndayamba kugawa zovala zawo.

Alamu anabwera ndi zofunda zochapa. Akuti, "Mlamu, mwamuna wagona uko, iwe ukulira mwala?" Mwina akunena zoona. Koma dzanja la bambo sindingalidzutse. Ichi chokha ndiye anandisiyira kuti ndisamale.

Theka layera.

Lachitatu, 12 Malichi

Adokotala akuti Loweruka bambo atuluka. Ndinati zikomo Ambuye, mtima uli phaa ndi mantha. Mkazi wotani woopa kubwera kwa mwamuna wake.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndinawapatsanso chithunzi chija. Lero sanangoyang'ana. Anaika chala pakona, pa kansomba kachikasu, n'kundiyang'ana ine.

Kansombako kanafa mu Januwale. Anakakwirira okha mumphika wa maluwa, ine ndikuwaseka.

Ndiye ankadziwa. Masiku onsewa.

Ndinagwada pambali pa bedi n'kunena zonse: kamwala, kathanki kozima, nyongolotsi khumi ndi zinayi. Pa nyongolotsi anatseka maso. Wodwala wa bedi loyandikana anatembenukira kukhoma kutipatsa malo, Mulungu amudalitse.

Kenako chithunzi cha lero m'mawa. Msozi unatsika mbali yakufa ija, ndinapukuta ndi mpango wanga. Anakuza chithunzicho ndi zala ziwiri, movutikira, foni ili pachifuwa. Ndi chikhadabo analemba mzere pagalasi, pakona yakumanzere. Kawiri, kuti ndione podula. Ine ndinaloza pokulirapo, pofiira bwino. Anapukusa mutu. Anabwereza pawo pomwe.

Ndadula madzulo ano. Mbale analira ngati kapu ikusweka. Chotsala ndi chikhadabo chimodzi, monga anabwerera. Ndaviika, ndatsuka, ndayang'ana kunsi mpaka maso kuwawa. Sindikudziwa ngati dzira silinatsale.

Kathanki ka pakhonde ndakayatsa. Thanki yaikulu ili ndi dzenje pakati, adzaliona akangolowa pakhomo.

Mpando wawo ndausuntha. Ndauika pakhonde.