Chingwe Chinandipulumuka Kumanda

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chingodzi ana ali bwino, koma ine chigongono chakumanja chija chafika poipa. Kumasula matayala a makamyau, magalimoto akuluakulu a katundu aja, kwandimaliza. Makomprimido, mapiritsi akuchipatala aja, amangogoneka ululu, m'mawa n'kudzukanso.

Sabata yatha tinaika a Fabiao, aja anandiphunzitsa ntchitoyi. Akazi awo anapempha kuti ndikhale mmodzi wa otsitsa bokosi. Ndikanakana bwanji? Bokosi lili pakati pa dzenje, mkono unachita dzanzi, chingwe n'kundipulumuka. Linakagunda pansi chakumutu. Akazi awo aja anakuwa. Mlongo wa malemu anandiloza chala: "Waledzera uyu, mchotseni!" Inu mukudziwa kuti mowa ndinasiya kalekale.

Kuchipatala akuti ndipumitse mkono. Patarau, bwana wanga wa kuntchito, akuti anyamata ofuna ntchito ndi ambiri pakhomo.

Chonde ndifunireni lamba womanga pachigongono munkanena uja, mupatsire oyendetsa makamyau obwera kuno. Ambuye akusungeni, ndipo mundipempherere, chifukwa ku matayala ndabwererako. Chitsulo chomasulira ndikuchigwira ndi mkono wamanzere, ndipo nawonso wayamba.

Ndine mng'ono wanu,
Armando