Nsagwada ya Esitele

Lolemba, 4 Malichi
Tafika ku Lilongwe. Mu minibasi kuchokera ku Mchinji anthu amangoyang'ana tsaya la Esitele. Mayi wina mpaka kunong'ona, "Izi si za chipatala izi." Mwana wanga wangowayang'ana m'maso, iwo n'kuwerama. Chotupachi chakula, pakamwa sipakutsekekanso bwino.

Lachiwiri, 5 Malichi
Lero kuchipatala amujambula sikani. Kenako anamukhazika pampando, kamera n'kuzungulira mutu wake. Pa kompyuta panatuluka nkhope yake yonse, yomatembenuzika uku ndi uku ngati dzungu m'manja. Adokotala, mayi Temwani, anadina penapake, khungu pachithunzipo n'kuchoka, kutsala fupa lokha. Ine ndinatsinzina. Esitele ayi ndithu.
"Mudula kuyambira pati?" anafunsa.
Anamuonetsa.
"Nanga mano awa atsala?"
Adokotala anachita kumucheukira. "Uli Fomu chani iwe?"
"Fomu 3, ku Guilleme."
Ndinakhala tsonga pampando paja. Wanga ameneyo.

Lachinayi, 7 Malichi
Bambo ake, a Jobson, aimba ali pa boda, thiraki yomwe amayendetsa ili pamzere. Akana. Ati mwana wawo asadulidwe nkhope, tibwerere. Esitele anandilanda foni, n'kuwatumizira kavidiyo ka chithunzi chija.
"Adadi, mwaona pakudapo? Fupa ladyeka pamenepo. Tikachedwa lithyoka lokha. Nkhopeyi ndi yanga, ndikufuna andipange opaleshoni."
A Jobson anangoti, "Ndikubwera."

Loweruka, 9 Malichi
Abwera, fumbi lokhalokha. Adokotala anawapatsa nsagwada ya pulasitiki, yoyera, yopangidwa kuchokera pachithunzi chija, ndendende ya Esitele. Chitsulo chimene adzaike m'malo mwa fupa lodyekalo anachipindiratu pomwepo. A Jobson anaigwira ndi manja awiri, nthawi yaitali. Avomera.

Lachitatu, 13 Malichi
Esitele walowa m'chipinda cha opaleshoni akuyenda yekha, wakana njinga ya odwala. Watuluka bwino. Ambuye atamandike.

Lachiwiri, 19 Malichi
Achotsa mabandeji. Kutupa kudakalipo, koma mbali ziwirizi zayamba kulingana. Anesi anabweretsa kagalasi. Esitele anadziyang'ana, kutembenukira uku, kutembenukira uku, kenako n'kuyang'ana bambo ake. Mawu akutulukira m'mano, pang'onopang'ono:
"Amama, taonani. Chibwano cha adadi ichi."
A Jobson anadzuka, ati akukagula madzi. Botolo lili lodzadza patebulo. Mpaka pano sanabwerere, ndikuwaona pawindo, aima pansi pa mtengo, chipewa chili kumaso.