Kamakina ka pa Handulo

Lolemba, 2 Juni

Sindinauze munthu. Ndingolemba muno.

Dzulo masana, pochokera kwa mlongo wanga. Dzuwa lili bwinobwino, msewu wopanda vuto, njinga ikulira mokoma. Ndafika pa raundabauti ya pafupi ndi fakitale ya matumba, pamalo pamene ndadutsa kosawerengeka. M'mutu zii. Misewu inayi, yonse yachilendo. Ndinazungulira katatu. Wa minibasi hutala, mutu panja, kunditukwana. Ndinakaima pomwetsera mafuta n'kumanamizira kuona tayala.  Mphindi mwina khumi. Kenako zonse zinabwerera, ngati wina wayatsa getsi.

Ine ndithu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi pa chiwongolero cha lole, mayiko asanu, osasocherapo. Anzanga mpaka lero amanditchula kuti Mapu.

Kunyumba mayi a ana anangoti, "Mwachedwatu, bambo." Ndinati pa mafuta panali mzere.

Ulendo wa kumapiri ndi pa 21. Masiku asanu, njinga zitatu: yanga, ya Ndevu makaniko, ndi ya Aphunzitsi. Wotsogolera ndine, monga chaka chilichonse chipumireni ntchito.

Lachitatu, 4 Juni

Ku shopu ya zipangizo za njinga zamoto, kuseri kwa banki. Ndinadutsa pakhomo kawiri ndisanalowe.

Mwini wake ndi mayi wina wamfupi, nayenso amakwera njinga, chipsera chachikulu pa chigongono. Ndinati ndikufuna jipiyesi, kamakina kolozera njira kaja, ka mkamwini wanga. Bodza linatuluka losalala mpaka ndinadzinyansa.

Anayala zitatu pa kauntala. Choyamba, chogwirira foni cha pa handulo, chotchipa. Chachiwiri, kamakina ka m'galimoto koika m'kathumba ka pulasitiki kuti mvula isalowe. Chachitatu, kopangidwira njinga yamoto kenikeni: sikaopa madzi, kamamva chala ngakhale uli m'magolovesi, kamalankhula m'chisoti. Mtengo wake wofanana ndi matayala awiri atsopano. Ndipo tayala langa lakumbuyo latsala pang'ono kusalala.

Mayiyo akuti, "Zonsezi zimalozera njira, bambo. Kusiyana kwake kumaoneka tsiku la mvula."

Ndatenga kapepala kofotokoza. Kali m'thumba la jekete, mkati.

Lachinayi, 5 Juni

Ku galaja kwa Ndevu, kusintha oyilo. Ndinaponya nkhaniyo ngati yongocheza. Anaseka mpaka sipanala kugwa. "Mapu kugula mapu! Ndiye ine ndigule ndevu?"

Ndinaseka nawo. Nsagwada zowawa.

Aphunzitsi anali pomwepo, atakhala pa chigubu. Iwo sanaseke kwenikweni. Anati foni pa handulo ayi, yawo inafa kamera chifukwa cha kunjenjemera kwa injini, ndipo dzuwa likaiwomba imatentha n'kuzima yokha. Kumapiri netiweki n'kosowa. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo nthawi yaitali ndithu. Munthu ameneyu anakhala zaka zambiri akugwira ana onama.

Pobwerera ndinatsata basi ya kwathu kuyambira pa maloboti mpaka pa msika. Osati kuti ndinasokonezeka. Kungoopa.

Loweruka, 7 Juni

Ndayesa foni. M'thumba la pachifuwa, kachingwe m'khutu, chisoti pamwamba. Khutu kuwawa. Mawu akumveka pokhapokha ndikachepetsa liwiro. Pa mlatho inandiuza kuti ndikhote nditadutsa kale. Kuti ndione sikirini, ndiime, ndivule golovesi, nditsegule zipi. Pa msewu wa malole zimenezo ndi imfa. Foni ayi.

Mayi a ana apeza kapepala kaja pochapa jekete. Anakasiya patebulo, pafupi ndi kapu yanga, atakawongola bwino. Osafunsa kanthu. Bola akanafunsa.

Madzulo wachisamba wathu anaimba. Mdzukulu wayamba kuyenda. Ndinafuna kufunsa za mwamuna wake, dzina osabwera. Mkamwini wanga yemwe, amene ndikumunamizira ku shopu. Ndinangoti, "Bambo a mwana ali bwanji?" Dzina linabwera ndikutsuka m'mano.

Aliyense amaiwala mayina. Ndevu amaiwala ndi tsiku lobadwa la mkazi wake lomwe.

Lachiwiri, 10 Juni

Ku shopu kachiwiri. Mayi uja anandilola kutuluka nato panja, tonse tiwiri, ka m'galimoto ndi kenikeni kaja. Pa dzuwa ka m'galimoto kamangoonetsa nkhope yanga. Mkati mwa pulasitiki chala sichigwira, uchite kudinikiza ngati ukupha nsikidzi. Kenikeni kaja kakuwala bwino, zilembo zikuluzikulu, ndawerenga popanda magalasi.

Ndinafunsa za batire, za mapu a mayiko oyandikana, za loko woti akuba asakazule. Zonse anayankha. Funso lenileni ndinalisunga mpaka kumapeto: kodi kali ndi batani limodzi loti munthu akangodina kamubweze kunyumba, kulikonse kumene ali?

Anandiyang'ana. Anadina, panatuluka kachithunzi ka nyumba. Kenako motsitsa mawu, "Mkamwini wanuyo mumuuze kuti akaonanenso ndi adokotala. Bambo anga ankafunsa funso lomwelo."

 Ndinafuna kutuluka osagula. Ndagula. Tayala lidikira.

Wandilumikizira ndi chisoti, wandiikira nyumba yathu. Pofunsa nambala ya nyumba sanatchulenso za mkamwini.

Lachinayi, 12 Juni

Tamangirira kamakina pa njinga. Ndevu anafuna kulumikiza waya molunjika ku batire, ine ndinakana, kangamadye moto njinga itaima, tidzadzuke kumapiri batire itafa. Tadutsitsa pa kiyi, ndi fyuzi yakeyake. Chogwirira pakati pa mahandulo, pamwamba pa mita, kuti maso asamachoke kwambiri pa msewu. Mabawuti tathira guluu. Ntchito yaukhondo. Pa zimenezi mutu wanga ulibe vuto, manja akudziwa okha.

Masana onse pakhonde, kulowetsa ulendo wathu m'kamakina. Tsiku loyamba mpaka lachisanu, pogona, pomwetsera mafuta, pamene phula limathera. Zonse kuchokera m'mutu, osaona pena paliponse. Ndiye vuto lili pati? Munthu wodwala angachite zimenezi?

Ndevu akuti, "Kali ndi mawu a mzimayi? Akamva alamu anga kunyumba muona." Mtima wapepukako lero. Ndadya bwino.

Loweruka, 14 Juni

Kulemba kukuvuta. 

Tinatuluka kukayesa, ine patsogolo, Aphunzitsi pambuyo. Ndevu anali ndi kasitomala. Makilomita makumi anayi oyamba, bwino kwambiri. Mawu m'chisoti omveka, mzere wofiirira pa sikirini, ngati munthu wakugwira dzanja.

Pa mphambano ya ku malo opondera miyala kanati, khotani kumanzere. Ndinamva. Mawu onse ndinawamva. Koma kumanzere n'kuti? Ndinayang'ana manja anga awiri pa mahandulo, onse ofanana. Muvi pa sikirini ndikuuona, tanthauzo lake osalowa. Ndinamanga mabuleki pakati penipeni pa mphambano.

Aphunzitsi anandizemba, njinga yawo inaterereka pa miyala, anagwa. Tipa yodzaza mchenga inadutsa kutsogolo kwanga, mphepo yake inandigwedeza. Dalaivala anakuwa zinthu zimene sindilemba.

Chigongono cha Aphunzitsi chasupuka, galasi lakumanja la njinga yawo lasweka, buluku lang'ambika pa bondo. Munthu wa zaka 66. Akanagwera mbali inayo, bwenzi pano tikunena zina.

Ndinati kamakina kanachedwa kulankhula. Iwo akudzipukuta magazi ndi mpango anati, "A Mapu, zimene kananena ine sindinamve. Koma mutakweza galasi la chisoti nkhope yanu ndinaiona. Simunandidziwe."

Pobwerera anatsogola iwo.

Lamlungu, 15 Juni

Sindinatuluke. Njinga ndaifunditsa lona.

Lachiwiri, 17 Juni

Ndawauza mayi a ana. M'khitchini, iwo akupukuta mbale, ine nditaima pa chitseko ngati mlendo. Za raundabauti, za dzina la mkamwini, za Loweruka. Ndimayembekeza kulira kapena kukalipa.

Anapukuta mbale ija mpaka kumaliza. Kenako anati, "Ndimadikira kuti munene nokha. Mwezi wa Epulo munaima pa geti ndi makiyi m'manja, kundifunsa ngati pano ndi pathu. Munaseka, ine ndinaseka nawo. Kuyambira tsiku limenelo mukatuluka ndi njinga sindikhala pansi."

Za Epulozo ine sindikuzikumbuka. Ndi pang'ono pomwe. Chimenechi ndiye chandiopsa kuposa tipa ija.

Anaimbira wachisamba. Wapeza malo kwa dokotala Lachinayi m'mawa. Ndinayamba kunena kuti tidikire ulendo udutse. Mayi a ana anaika mbale pansi mwamphamvu. "Mukufuna muphe Aphunzitsi kenikeni?" 

Masana ndinapita kwa Aphunzitsi wapansi, ndi galasi latsopano. Anati sanauze Ndevu. "Nkhani ndi yanu, mukanene nokha."

Lachinayi, 19 Juni

Dokotala wachizimayi, wosathamanga. Bipi yakwera kwambiri, ndipo mapiritsi ndinasiya chaka chatha, ndinaulula. Anandipatsa mawu asanu oti ndisunge, anandijambulitsa wotchi pa pepala, anandiyendetsa pa mzere. Wotchi yabwino. Mawu ndinabweza atatu.

Akuti mwina timitsempha ta m'mutu timatsekeka kwa kanthawi n'kutsegukanso. Mwina china. Sanganene asanajambule m'mutu. Loweruka m'mawa, pa 21. Tsiku lomwelo! Mpaka nthawi imeneyo, ndiponso mpaka iye atanena, njinga ayi, galimoto ayi. Ndinamuuza za kamakina, kuti kali ndi batani la kunyumba. Anati, "Kamadziwa njira, bambo, koma mabuleki mumamanga ndinu."

Kuchoka apo, kwa Ndevu. Ndinanena zonse nditayang'ana pansi, pa dontho la oyilo. Sanachite nthabwala. Mpaka ndinayamba kulakalaka nthabwala zakezo. Kenako anati ulendo ufe, popanda Mapu palibe ulendo. Ndinakana. Malo ogona tinasungitsa kale, Aphunzitsi akhala akuudikira chaka chonse, ndipo ine sindikufuna kusenza zimenezo pamwamba pa zinazi.

Tamasula kamakina pa njinga yanga, tamanga pa yake. Guluu wa pa mabawuti anali atangotha sabata imodzi yokha. Ndamuphunzitsa kudina. Zala ngati masoseji, koma kakumva.

Pa handulo yanga patsala mabowo awiri ndi waya wokulunga tepi.

Loweruka, 21 Juni

Anabwera pa geti dzuwa likutuluka, zikwama zomanga kale. Aphunzitsi bandeji pa mkono. Ndinaona matayala awo, ndinakoka matcheni, chizolowezi. Ndevu anandikumbatira, fungo la girisi. Ndinaima pa msewu mpaka kulira kwa injini kutatha. Kwa Ndevu kunatha msanga, kwa Aphunzitsi kumamvekabe pa chitunda.

Tsopano ku chipatala, pa benchi ya m'khonde. Tafika 9 koloko, pano 11 yadutsa. Makina ojambulira ali ndi mzere. Pafupi nane bambo wina pa njinga ya olumala, mkono uli lende. Ndikuyesetsa kusamuyang'ana.

Foni inalira posachedwapa. Ndevu, mphepo ili phuu kumbuyo. Anapatuka kukamwetsa mafuta pena, kamakina kawerengeranso njira, tsopano kakuti akhote atangowoloka mlatho wachitsulo, kuti n'chidule. Akhote?

Ndinaimirira osadziwa. Ayi! Msewu umenewo pa mapu ndi wabwino, koma ukatsika chigwa ndi mchenga wokhawokha, njinga zolemera ngati zathu zimamira mpaka ekiselo. Ndinagonamo masiku awiri ndi lole ya feteleza. Apitirire molunjika, adutse mahampu atatu, asiye sitolo yopaka buluu, akafike pa makina ocheka matabwa. Pamenepo pali thanki ya madzi pamwamba pa nsanja, akhotere mbali ya thankiyo. Kamakina kakalipa pang'ono, akasiye, kagwirizana nawo patsogolo.

Ndevu anakuwira Aphunzitsi, "Akuti molunjika! Mapu wanena!"

Nditakhala pansi ndinapeza anthu onse pa benchi akundiyang'ana. Ndinali nditakweza mawu ngati ndili pa depoti. Mayi a ana anandigwira bondo. "Thanki ija ikadalipo?" Ndinati sindikudziwa, papita zaka zisanu ndi zinayi ndisanadutseko. 

11:40. Uthenga wa Aphunzitsi. Chithunzi. Thanki, yadzimbiri, yopendekeka, njinga ziwiri pansi pake.

Ndawaonetsa mayi a ana. Ayang'ana nthawi yaitali, abweza foni, atembenukira ku khoma.

Nesi watuluka, watchula dzina langa molakwika. Akuti mkatimo simulowa chitsulo chilichonse: lamba, wotchi, makiyi, mphete. Zina zonse ndavula. Mphete yakanirira, chala chinanenepa kalekale. Mayi a ana apita kukapempha sopo.

Akuitana kachiwiri.