Matope pa Katalisiti

Lolemba, 9 Juni

Ambuye, ndiyambire pano kuulula, chifukwa pakamwa sizikutuluka. Ndaononga galimoto ya bambo a ana, a B.

A B. ananyamuka dzulo kupita kumaphunziro a kuntchito, abwera Loweruka. Potsanzika sananene kuti musamale ana. Anati, "Musaivundukule." Galimotoyo amaifunditsa nsalu ngati munthu wodwala malungo. Laisensi ndinatenga chaka chatha, koma iwo amati galimoto imazolowera phazi limodzi. Ndiye laisensi yangayo ntchito yake n'kusunga tsamba m'buku la nyimbo.

Lero kunali kukonzekera kwaya. Maminibasi analipo, mvula kunalibe, mwendo sunkandiwawa. Chifukwa chinali chimodzi: ndinkafuna amayi a soprano aja, amene amabwera pa galimoto yofiira n'kumagwedeza makiyi poyimba, andione. Kunyada basi. Mlamu wanga, mchemwali wa a B. amene tikukhala naye, ndiye anandibweretsera makiyi pambale ngati tiyi wa alendo. Koma sindikumunamizira, dzanja lotenga linali langa.

Popita ndinayendetsa bwino. Pageti la tchalitchi pali kachitunda ka simenti. Ine maso pawindo, kuona ngati akundiona. Pansi khoo! Anandionadi. Kwaya yonse.

Pobwerera imalira ngati chigayo, pansi gobede gobede ngati miyala m'chitini. Pa dashibodi payaka kanyali kachikasu. Ndakapempherera, sikanazime.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinaivundukula m'mawa kuona ngati yachira yokha. Ayi ndithu. Yawonjeza fungo la mazira owola.

A B. anaimba foni masana. "Zonse zili bwino kumeneko?" Ndinati, "Ana ali bwino." Si bodza limenelo, koma ndi msuweni wake.

Lachitatu, 11 Juni

Mlamu ankati tipite kwa makaniko wosatidziwa. Ndi phokoso limene lija ndikanafika kuti? Galaja yapafupi ndi ya a Sipanala, makaniko wa a B. yemweyo. Ndinapita konko, mutu uli pansi pa chiwongolero.

Anaiimika pamwamba pa dzenje lawo lija n'kutsika ndi tochi. Gogodu apa, gogodu apo. Kenako, "Mayi, tsikani mudzaone tchimo lanu." Ndinatsika nditagwira siketi. Anandionetsa chitini chotupa pakati pa paipi ya ekizozi, ngati njoka yomeza dzira. Ndiyo katalisiti, akuti imasefa utsi. M'kati mwake muli tinthu tonga zisa za njuchi, ndipo taphwanyika tonse. Yokonza palibe, n'kusintha basi.

Mtengo wake sindilemba, pepala lingang'ambike. Firiji ija ndinkalota n'kumaisungira ndalama, tsala bwino.

Ndinawapempha chamunsimunsi kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Anati, "Mayi, dzenje ili lamva zambiri kuposa abusa anu." Anaseka mpaka kutsamira tayala. Kasekedwe kameneko sindinakakonde.

Lachinayi, 12 Juni

Yatsopano yapezeka, aika mawa. Ndinasala kudya mpaka 11 koloko. Mlamu anakazinga mazira dala.

Lachisanu, 13 Juni

Ndinakhala kugalaja m'mawa wonse pa mpando wakale wa minibasi, buku la nyimbo pamwendo, osawerenga n'chilembo chimodzi chomwe.

Anayamba ndi kuchotsa kawaya ka sensa, kachipangizo koyeza utsi, mosamala ngati akuchotsa minga kuphazi la mwana. Mabawuti adzimbiri okhaokha. Awiri anamasuka atawathira oyilo, lachitatu linakana ngati Mkhristu wakale, anachita kulidula ndi girayinda. Yakaleyo itagwa anaikhuthula pansi, zidutswa waa.

Apo m'pamene ndinaona waya. Anali pamwamba pake, mbali yosaoneka munthu ukakhala m'dzenje, atamuzunguliza katatu n'kumupota kuti agwire pamene panang'aluka. Pulasitiki yake inapsa, koma kunsonga kunatsala kabuluu. Wayayo ndikumudziwa. Ndi wanga woyanikapo zovala, amene anasowa mu Febuluwale.

Ambuye, mukudziwa zimene ndinachita mu Febuluwale. Mumtima ndinaweruza amayi a nyumba yakuseri kuti ndiwo anaba. Miyezi inayi ndakhala ndikuwapatsa moni wa mutu wokha, pakamwa pali tseke. Ndipo a B. tsiku limenelo anaima nane pabwalo, kupukusa mutu, amvekere, "Anthu a masiku ano."

Ndinayang'ana a Sipanala. Iwo maso kudenga. "Ine sindinanene kanthu, mayi. Koma mng'alu uwu ndi wakale, onani dzimbiri lake. Inu mwangotsiriza nyimbo, woyambitsa ndi wina."

Wayayo ndinamuika m'chikwama.

Yatsopano inalowa bwino, gasiketi zotseka mipata mbali zonse, mabawuti atsopano. Analumikiza kamakina kawo pansi pa chiwongolero, kanyali kaja kanazima. Kuiliza, ikungong'ung'udza ngati mphaka wokhuta. Ndinatsala pang'ono kuyambitsa korasi.

Kufika kunyumba mlamu anasuzumira pansi n'kudzuka atagwira m'chiuno. "Alamu, ikuwala ngati poto wa mkwatibwi. Achimwene akangogwada kamodzi, mwagwidwa." Anasakaniza matope ndi oyilo wakuda m'beseni losambitsira ana. Itazizira ndinalowa pansipo ndi chisanza. Ndinapaka, ndinapaka, mpaka inakalamba.

Lero ndagwada kawiri, Ambuye, koma kwa Inu ndi kamodzi kokha.

Loweruka, 14 Juni, m'mawa

Ndinayamba ndi chophweka. Ndinagogoda kwa amayi akuseri n'kuwauza zonse za waya, kuti ndinkawaganizira iwo, andikhululukire. Amvekere, "Ine ndinkaona ngati khosi likukuvutani. Ndinafika pokufunsirani mankhwala opaka." Tinaseka, koma ine manyazi mpaka kumapazi.

Chovuta chikubwera 3 koloko. Mlamu akuti ndiwaikire wayayo pambali pa kapu ya tiyi, ndikhale chete, ayambe okha kutuluka thukuta. Kunena zoona maganizo amenewo akundikomera kwambiri, n'chifukwa chake ndikuwakayikira. Ndikatulutsa waya poyamba ndapambana mlandu. Koma ine sindikufuna bwalo la milandu, ndikufuna kugona tulo. Komanso matope aja ndinapaka ndine, si a B.

Wayayo ndamusamutsira m'thumba la epuloni. Sindinalonjeze kuti sindimutulutsa. Ndangoti ndiyesa.

Loweruka lomweli, madzulo

Anafika 3 koloko itangodutsa. Ananyamula ana mmodzimmodzi, kundipatsa moni, chikwama n'kuchisiya pakhonde. Molunjika kugalimoto. Anavundukula, kulowa, kuiliza.

Ndinawaona nkhope pagalasi. Ankadikira gobede wawo wa masiku onse, amene ine ndinkayesa kuti ndi mmene imalirira. Osamveka. Anapendeketsa mutu. Anaponda mafuta pang'ono. Kenako pansi panayamba kutuluka kautsi konunkha oyilo wopsa. Matope athu akupsa. Mlamu anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya madzi pamoto.

A B. anazimitsa, kuyala katoni, n'kulowa pansi ndi malaya awo oyera a paulendo. Panja panatsala nsapato zokha.

Nsapato n'zosavuta kuziululira, zilibe maso. Ndinaziuza zonse mwandondomeko: makiyi, amayi a soprano, kachitunda ka pageti, "ana ali bwino" uja, a Sipanala, firiji, beseni la ana. Dzanja linali m'thumba la epuloni, litagwira waya mpaka kundilasa. Silinatuluke.

Ndinamva chala chikukanda matope pansipo.

"Matopewa mwapaka bwino," anatero mawu a pansi. "Koma mwapakanso ndi sensa yomwe."

"Pepani, bambo."

Nsapato yakumanzere inakanda yakumanja.

"Panali kawaya kenakake apa."

"Kali m'thumbamu."

"Oho." Anatsokomola. "Inenso ndinaigunditsa, pageti la kuntchito. Abwana ataima pompo ndi alendo. Ndinawakwezera mkono."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa wolapa saseka wolapa mnzake. Sizinatheke. Pansinso ndinamva katoni ikugwedezeka.

"Amayi akuseri aja," anatero.

"Ndapitako kale. Inunso mupita."

"Ndipita."

Kenako china chinatsetsereka pa simenti n'kudzagunda chala changa. Makiyi.

"Lowani muilize, ndimvetsere ndili konkuno. Giya ikhale pa fulii, mayi a ana, buleki yam'manja musaikhudze. Pansi pano pali mwamuna wanu."

Ndinapukuta manja pa epuloni n'kulowa. Phazi silinkafika bwino, ndiye ndinakoka mpando kubwera nawo kutsogolo, khetye khetye khetye, katatu. Anamva. Anangogogoda pansi kuti ndiilize.