Mapiritsi a Jethro

Dambwa North,
Livingstone.
9 Julayi 2024

Okondedwa ba Mweetwa,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Solwezi pamodzi ndi alamu ndi ana. Musadabwe kuti mlongo wanu walemba kalata ngati munthu wakale. Nkhaniyi si ya pafoni, chifukwa mukuwadziwa amayi anu: foni ikangolira amasiya ngakhale mphika pamoto n'kudzaima pakhomo. Khalani pansi kaye, chifukwa ineyo mpaka lero mutu wanga sukugwira.

Mukukumbukira mmene mng'ono wanu Jethro analili chaka chatha banja lake litatha. Ankangodzitsekera m'chipinda, osadya, osasamba, osalankhula ndi munthu. Adokotala atanena kuti ndi matenda ovutika maganizo n'kumupatsa mapiritsi akumwa limodzi m'mawa uliwonse, amayi ndiwo anatenga udindo wosunga. Anawaika m'kachitini pamwamba pa kabati, n'kumamupatsa pamodzi ndi tiyi. Poyamba sitinaone kusintha, koma patapita milungu ingapo mwana uja anayamba kuseka, anabwereranso pantchito yake yonyamula alendo ku eyapoti. Tonse tinapumira m'mwamba.

Mwezi wathawu zinthu zinatembenuka. Anayamba kudandaula chizungulire ndi nseru, tulo osabwera, ndipo ankati m'mutu mukumudutsa ngati magetsi. Kupsa mtima ndiye kosanena. Tsiku lina anaimitsa galimoto panjira alendo ali momwemo, n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu atagwira mutu. Abwana ake anamuuza kuti ayambe wakhala kunyumba, poganiza kuti ndi mowa. Inenso ndinaganiza chimodzimodzi, ndipo pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinamukalipira kuti akutichititsa manyazi. Iye anangondiyang'ana, n'kulowa m'chipinda muja.

Tsono Lachitatu lapitali ndinapita kumsika wa Maramba kukathandiza amayi pa benchi yawo ya tomato. Mukuwakumbukira amake Cheelo, anzawo aja ogulitsa kapenta pafupi nawo, amene amuna awo anamwalira chaka chino? Ndinawapeza atakhala pa thumba, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira ino, manja ndi miyendo zikunjenjemera, akulankhula zosamveka. Azimayi anayamba kupemphera, ena akuti ndi malungo, ena akuti ndi mzimu wa malemu. Ine ndinathamanga kukaitana takisi, ndipo tinawatengera kuchipatala, ine ndi amayi.

Kumeneko adokotala anafunsa mankhwala amene amake Cheelo akumwa. Anatsegula chikwama chawo, munatuluka mapiritsi amphamvu a ululu wa mawondo amene anawalembera kale. Kenaka munatuluka kapepala kokulungakulunga. Atakafunyulula, ndinaona timapiritsi timene ndimatiwona tsiku ndi tsiku kunyumba kwathu.

Adokotala anafunsa kuti, “Aya ni ndani anabapasa?”

Kenaka amayi anaimirira, n'kukonza chitenje chawo, nati, “Ni ine, ba dokota. Ni ya mwana wanga.”

Ndinangoti kukamwa yasa. Amayi athu omwewa, amene sakhudza ngakhale khobidi la munthu!

Anafotokoza okha, mosabisa kanthu. Akuti amake Cheelo ankalira tsiku lililonse kuseri kwa benchi, osadya, ndendende mmene ankachitira Jethro. Ndiye poona kuti Jethro wayamba kunenepa ndi kuseka, amayi anaganiza kuti wachira. Anayamba kumupatsa modumphitsa masiku, kenaka anamuuza kuti basi, mankhwala asamuzolowere m'thupi. Koma mwezi ukatha ankamutumabe kukatenga ena, amati ndi osungira. Onsewo ankapita ku Maramba, ndipo amake Cheelo pofuna kuchira msanga ankamwa awiriawiri.

“Manje nenze nichite bwanji?” anatero amayi. “Munzanga alila, na mankwala yalipo pa nyumba. Ningamumane?”

Mukudziwa mawu awo aja akuti kupatsa n'kuika. Ku Maramba ndi mmene amakhalira: wina mutu ukamupweteka, mnzake amamasula pa chitenje n'kumupatsa. Amayi sanaone kusiyana kulikonse.

Adokotala sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanakhala bwino. Anangoti, “Ba mami, aya si mchere wopempha kwa neba. Yamalembedwa pa munthu mmodzi chabe.” Anatiuza kuti mapiritsi amenewa sagwirizana ndi mankhwala ena, monga a ululu aja, ndipo tikanachedwa zikanatha kuipa kwambiri. Anatinso munthu sasiya mwadzidzidzi ngakhale akumva bwino. Nthawi yosiya ikakwana, adokotala ndiwo amachepetsa pang'onopang'ono. Kenaka anafunsa kuti, “Nanga mwine wa mankwala ali kuti? Mubwere naye lelo.”

Apa m'pamene ndinazindikira. Chizungulire chija, magetsi a m'mutu aja, kukhala pansi pamsewu kuja, sunali mowa ayi. Ndinachita manyazi osaneneka.

Ndinakamutenga Jethro masana omwewo. Anapempha yekha kuti ine ndi amayi tilowe naye. Adokotala atamufunsa chifukwa chimene sananene kuti wasiya kumwa, anayankha kuti, “Ba mami anakamba ati napola. Na ine nenze nalema kuoneka wodwala.” Kenaka anamufunsa mosapita m'mbali ngati m'masiku amenewa anaganizapo zodzichotsera moyo. Ine ndinkadikira kuti aseke. Anayang'ana pansi, nati, “Ee. Kambiri.”

Ba Mweetwa, sindinamvepo amayi akulira motero, ngakhale pamaliro a atate. Munthu tikudya naye mbale imodzi, ine ndikumunena za mowa, iye ali ndi zimenezo mumtima.

Tsopano zili motere. Amake Cheelo anagonekedwa, ndipo atuluka dzulo. Awauza kuti abwerenso akaonedwe za chisoni chawocho paokha, kuti ngati pafunika mankhwala akhale awoawo. Jethro wayambiranso kumwa monga mmene adokotala amuuzira, ndipo atichenjeza kuti zitenga milungu kuti akhazikike. Ati tisamusiye yekha nthawi yaitali, asakhudze mowa, ndipo maganizo aja akabwera tithamange naye kuchipatala osadikira tsiku lake. Galimoto ayambe waisiya mpaka chizungulire chithe. Ndinapita naye kwa abwana ake kukafotokoza, ndipo akuti malo amusungira, koma sananene kuti mpaka liti.

Kachitini kaja ndikusunga ndine, Jethro ndiye anasankha choncho. Amayi sanatsutse. M'mawa amaphikabe tiyi n'kumuikira patebulo, kenaka dzanja lawo limapita lokha pamwamba pa kabati, n'kubwerera lopanda kanthu. Dzana Jethro anawagwira dzanja lomwelo nati, “Ba mami, munafuna chabe kuthandiza.” Iwo anatuluka panja, akuti akukaona nkhuku.

Pempho langa ndi ili. Musawakalipire amayi, adzikalipira kale okha mokwanira. Ndalama musatumize, si zimene zikusowa kuno. Muimbireni Jethro, osati kamodzi kokha. Musamufunse za ntchito kapena za mkazi uja, ndipo musamuuze zoti alimbe mtima ngati mwamuna, poti ineyo ndinayesa zimenezo ndipo mwaona kumene zinatifikitsa. Kambani naye za mpira, mumuseke za timu yake yosawina ija. Mukapeza tchuti, bwerani.

Mundiperekere moni kwa alamu, komanso kwa Chisha ndi Sepo, muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Jethro ali pakhonde pano akuwothera dzuwa, wadya, ndipo akuti mumubweretsere jekete lija munamulonjeza. Amayi akupereka moni wambiri. Andigwira pamkono n'kundipempha kuti ndikuuzeni kuti kuno tonse tili bwino. Ndawalonjeza kuti ndilemba mawu amenewo, ndiye ndi amenewo ndalemba.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Miyoba