Mazenera Amene Tamata Dothi

Amayi anga, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Kuno tilipo, koma mapira sanachite bwino. Anthu akuopa kumunda chifukwa cha mabomba okwirira, ndipo chikuikireni m'manda palibe bwato lawolokera ku Zumbo. Mlongo wanga Rozina wabereka mwana wamwamuna. Watenga chipumi chanu.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tereza. Matenda ake a shuga mukuwadziwa, ndiponso kuti mankhwala ake a jekeseni amafa akatenthedwa. Palafini wa firiji ya kukiliniki anasiya kubwera msewu utaopsa. Chotipulumutsa chinali mazenera atatu aja munkawaseka, amene mzungu wa zamagetsi anatiikira pamodzi ndi kafiriji kake asanathawe nkhondo.

Ndiloleni ndikufotokozereninso, poti tsopano simungandidule mawu. Magalasi ake ali ndi utoto wofiirira mkati. Kuwala kukalowa, kwina kumapitirira m'chipinda, kwina kumakodwa ngati nsomba m'mono: polowera palipo, potulukira palibe, mpaka kukafika m'mphepete. Mmenemo muli timapale takuda tosandutsa kuwalako magetsi, batire n'kudzaza, kafiriji n'kuzizira. Inu munkati, "Lazaro, dzuwa salisunga m'nkhokwe." Ine ndi uphunzitsi wangawu ndinkakutsutsani.

Vuto n'lakuti dzuwa likamatuluka tsidya la Luangwa, m'mphepete mwa magalasiwo mumayaka ngati makala. Asilikali athu anaziona ali kumtsinje, n'kuganiza kuti tikukodola adani akutsidya. Ndinawafotokozera zonse, mpaka kujambula pansi ndi kamtengo. Mkulu wawo anamvetsera mwaulemu. Anali ataika m'manda anyamata ake awiri sabata lomwelo, ndipo sindikumuda. Analamula kuti timate mazenerawo ndi dothi, apo ayi aswa.

Tinamata Lachiwiri. Rozina anakanda dothi lakuda lakudambo, lija munkazirira khonde, ine n'kumata ndi manja anga, mosalala monga munatiphunzitsira. Kafiriji kanalira masiku awiri, kenako zii.

Timabotolo ta mankhwala totsala tili mumtsuko wanu, wokwirira mumchenga wonyowa. Koma kutentha kwa kuno ku Feira mukukudziwa. Mankhwala ayamba kuchita timibulu, ndipo Tereza akungomwa madzi osakhuta. Siketi yake yasukulu tsopano timamangira ndi luzi kuti isagwe.

Munanena zoona, Amayi. Dzuwa lili ponseponse pabwalo, koma ndilibe pouika ngakhale mtanda umodzi wa kuwala kwake.

Mawa ndimukweza Tereza panjinga kupita kuchipatala cha ku Katondwe, kumene akuti firiji ikadali moyo. Ndiziponda mmene mwadutsa matayala a lole ya asilikali, poti mmenemo bomba likanaphulika kale. Ndikulonjeza kuti sindibwerera panjira.

Koma akatsogola kufika kwa inu, musamuphonye. Watalika, ndipo mano awiri akutsogolo anagweluka. Amakonda masau. Mudzamupatse ndithu, kumeneko palibe womuletsa zotsekemera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lazaro