Mavwende anga angochita maluwa aamuna

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine ndilipo, kungoti chitisiyireni nyumba yakula.

Mkazi wanga Esnati anachira kwawo ku chilumba cha Chisi. Ndi mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Koma apongozi akuti awiriwa sabwera kuno mpaka m'nyumba mutapezeka chakudya, poti chimanga chathu chinapserera. Sindingawatsutse. Ndiye mtima wanga wonse uli pa mavwende a kudimba kwanu kuja, kumene nyanja imaphwa.

Ndinabzala mochedwa, Amayi. Inu munkabzala dzuwa likadalowa msanga, ine ndinabzala kutatentha kale. Pofuna kuthamangitsa ndinathira feteleza wa yuriya wotsala ku chimanga, dzanja lodzaza phando lililonse. Masamba ake mukanawaona! Odutsa amaima n'kuyamikira. Koma maluwa ndi aamuna okhaokha, m'mawa atuluka, madzulo athothoka. Lalikazi lija lobereka kamwana kumsana, olo limodzi.

Alangizi atadutsa pa njinga anandiuza kuti feteleza wa masamba akachuluka, masiku n'kutalika, kutentha n'kuwonjeza, vwende limaiwala kubereka. Ati m'kati mwake muli timadzi timene timasankha kuti duwa likhale lalimuna kapena lalikazi. Sindinamve zonse. Ndinangokuonani inu mutawerama, mukutsina nsonga ndi chikhadabo, mukuti, "Vwende ukalilekerera limangoyenda ngati mnyamata wosakwatira." Munkathira phulusa ndi manyowa a mbuzi basi. Ine ndinkayesa ndi kusowa chabe.

Yuriya ndasiya, nsonga ndatsina, phulusa ndathira. Chikundidetsa nkhawa ndi mitambo yayamba kusonkhana cha ku phiri la Zomba. Mvula ikalimba nyanja ibwerera kudimba, ndipo siyembekeza munthu.

Lero m'mawa ndalipeza lalikazi lija pa nthambi yatsopano. Limodzi lokha, kamwana kake ngati nsawawa, njuchi ili pomwepo. Ndinatembenuka kuti ndikuitaneni. Kunali akakowa okha. Dzanja ndinalilowetsa msanga m'thumba, paja munkati ukaloza ndi chala limathothoka. Ndaima pamenepo mpaka njuchi itachoka.

Limeneli likakhwima sindigulitsa. Ndikwera nalo bwato mpaka ku Chisi, ndikaliike pamaso pa apongozi, ndiwauze kuti anzake ali m'mbuyo. Nthanga zake ndisungira mdzukulu wanu, ndipo chaka chamawa ndidzabzala nthawi yanu ija, ndikulonjeza.

Mvulayo ngati mumatha kuyankhula nayo kumeneko, iuzeni idikireko pang'ono.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Laimoni